Ulendo wa ku Dar es Salaam: kuyerekeza njira zofikirako, madera ogona ndi malo oyenera kuona

Anthu ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia amene adapondako ku Dar es Salaam amaudziwa mzindawu kudzera m'malo awiri okha: msika wa Kariakoo, kumene amakaoda nsalu, nsapato ndi ziwiya, ndi doko, kumene amakatenga magalimoto ochokera ku Japan. Akamaliza zimene adapitira amakweza katundu n'kubwerera, osadziwa kuti pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene adagona pali misewu imene mizikiti, akachisi a Ahindu ndi matchalitchi omangidwa ndi Ajeremani zakhala moyandikana kwa zaka zoposa 100. Mzindawu adauyambitsa ndi Sultan Majid bin Said wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860 pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima, Ajeremani adausandutsa likulu lawo mu 1891, Angerezi adaulanda pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo kalembera wa 2022 adapeza kuti muli anthu oposa 5 miliyoni. Boma lidasamukira ku Dodoma, koma doko, malonda ndi moyo wa Chiswahili wa m'mbali mwa nyanja zidatsala pomwepo.

Mlendo amawerengera ndalama asananyamuke, koma kawirikawiri saganizira za maola amene kutentha ndi kuthithikana kwa magalimoto zidzamudyere. Ku Dar es Salaam zinthu ziwirizi n'zimene zimalamulira tsiku la munthu, choncho poyerekeza njira zili m'munsizi ndayang'ana kwambiri kuti iliyonse ikukusiyirani maola angati oti muone mzinda muli ndi mphamvu.

Kafikidwe kake

Njira yodziwika kwambiri ndi basi yochoka ku Lilongwe mpaka ku Dar es Salaam osasintha. Imatsata msewu wa M1 kudutsa Kasungu ndi Mzuzu, kutsika phiri la Chiweta, kupyola Karonga mpaka pachipata cha Songwe, chimene tsidya linalo amachitcha Kasumulu. Ikawoloka imakwera mapiri a Tukuyu, kulowa mumsewu waukulu pa Uyole pafupi ndi Mbeya, n'kutsetsereka kudzera ku Makambako, Iringa, Mikumi, Morogoro ndi Chalinze. Mtunda wonse ndi makilomita oposa 1,500 pang'ono, ndipo ulendowu umadya usana ndi usiku, nthawi zambiri kupitirira apo. Ubwino wake ndi woti ndi yotsika mtengo komanso katundu wanu amayenda nanu. Vuto lake limaonekera kwambiri pobwerera, chifukwa basi yonse imadikira pachipata mpaka katundu wa wageni womaliza atalipiridwa msonkho. Kwa munthu wopita kukaoda njirayi ndi yomveka, koma wopita kukaona malo amafika miyendo itatupa ndipo tsiku lake loyamba limathera pabedi.

Njira imene ine ndimalimbikitsa ndi youdula ulendowu pawiri. Mukwere basi mpaka ku Mzuzu kapena ku Karonga, mufike pa Songwe dzuwa lisanapendeke, muwoloke mlatho pansi, kenaka mukwere minibasi yopita ku Mbeya kudutsa minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu. Mbeya ali m'mapiri ndipo usiku wake ndi wozizira, moti mumagona tulo tenitweni. M'mamawa mukwere basi ya masana, imene imakufikitsani ku Dar es Salaam usiku utayamba. Basi za usiku ziliponso kuyambira pamene chiletso chakale chidachotsedwa mu 2023, koma ya masana imakuonetsani chitsetso cha Kitonga, chigwa chodzaza milambe cha ku Ruaha Mbuyuni, ndi makilomita pafupifupi 50 amene msewu umadutsa m'kati mwa nkhalango yosungira nyama ya Mikumi, mmene mbidzi, anyani, nyamalikiti ngakhalenso njovu zimaoneka muli pawindo, osalipira kanthu. Dziwani kuti basi zakutali sizifikanso ku Ubungo monga kale. Zimathera pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa mzinda, ndiye musanatsike mukhale mutaganiza kale za mmene mudzafikire kogona.

Sitima ya TAZARA ndi njira yachitatu, ndipo ndi yoyandikira kwa a ku Zambia. Njanjiyi, imene idamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975 ndi thandizo la dziko la China, ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kudzera ku Nakonde, Tunduma ndi Mbeya, kotero Mmalawi angakwerere ku Mbeya. Muli zipinda zogona za anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi, amuna kwaokha akazi kwaokha pokhapokha banja litalipira chipinda chonse, ndipo sitimayi imadutsa m'tchire la Selous mmene msewu sufika. Kukoma kwake palibe wokana, koma sitimayi imanyamuka masiku ochepa pa sabata, ndondomeko yake imasinthasintha, ndipo kuchedwa kwa maola ambiri si chinthu chachilendo. Ikwereni ngati ulendo weniweniwo ndi gawo la zimene mukufuna kuona, ndipo musaikire ndege kapena msonkhano tsiku lofikira.

Ndege ya Malawi Airlines yochokera ku Lilongwe imatenga maola pafupifupi awiri, ndipo Air Tanzania imalumikiza mzindawu ndi Lusaka komanso Harare. Amene ali ndi masiku anayi okha a tchuthi asalimbane nazo njira zina, popeza basi ingamudyere atatu mwa masikuwo. A kumpoto kwa Malawi ali ndi mwayi wina umene ambiri sauganizira, wowoloka malire pansi n'kukakwera ndege ya m'dziko momwemo pa bwalo la Songwe. Dzinali lisakusokonezeni: bwaloli silili pachipata cha malire, lili kumadzulo kwa Mbeya pa msewu wopita ku Tunduma.

Pachipata pali zinthu zingapo zoyenera kuzikonzekera. Nzika za Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa sizifunika viza paulendo waufupi, koma abale athu oyendera pasipoti ya Britain amafunika. Khadi ya katemera wa yellow fever ndi bwino kuinyamula ngati muli nayo, chifukwa nthawi zina amaifunsa. Majumbo apulasitiki adaletsedwa mu Tanzania kuyambira Juni 2019. Mukangotsika galimoto pa Songwe, anyamata ogwira mitolo ya ndalama amakuzingani aliyense akutchula mtengo wake, wina akudina kakyuleta pamaso panu, wina atagwira kale chikwama chanu. Sinthani zongokwanira kukafika ku Mbeya, muwerenge mashilingi m'manja mwanu musanapereke makwacha, ndipo zikachoka m'manja mwanu kuti wina aziwerengenso, muziwerengenso inuyo. Komabe musadalire kukasintha kwacha mkati mwa dziko, chifukwa ku Dar es Salaam ndi ochepa amene amailandira. Madola kapena khadi ya kubanki n'zimene zimathandiza, ndipo kuyambira mu 2025 malamulo amafuna kuti zogula za m'dzikomo zizilipiridwa m'mashilingi. Wotchi yanu muipititse patsogolo ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo, Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero wogulitsa tikiti akati basi inyamuka "saa kumi na mbili asubuhi" akutanthauza 6 koloko m'mawa, ndipo "saa moja" ndi 7 koloko. Ambiri asiyidwa ndi basi pa chifukwa chimenechi.

Za nyengo sizifuna mawu ambiri. Kuyambira Disembala mpaka Marichi kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, koma ndi mpweya wachinyontho umene sulola thukuta kuuma ngakhale usiku. Kuyambira Marichi mpaka Meyi kumagwa mvula yaikulu, mtsinje wa Msimbazi umasefukira pa Jangwani ndipo msewu wa Morogoro umatha kutsekeka. Miyezi yabwino ndi Juni mpaka Seputembala. Nthawi ya chisankho ipeweni, pakuti zipolowe za mu Okutobala 2025 zidaimitsa mayendedwe mumzindawu kwa masiku angapo.

Kogona

Funso la kogona ndi limene limasintha ulendo wonse, ndipo kuti mulimvetse muyenera kudziwa mmene atsamunda adaugawira mzindawu. Azungu adatenga mbali ya kunyanja kumene kumawomba kamphepo, Amwenye adapatsidwa pakati pa mzinda pomwe panali masitolo, ndipo anthu akuda adaikidwa ku Kariakoo, kuseri kwa bwalo lopanda nyumba limene lero ndi paki ya Mnazi Mmoja. Malamulo atsankhowo adatha, koma mitengo ya zipinda, mtundu wa chakudya ndi phokoso la m'misewu zikutsatirabe mizere yomweyo.

Ku Kariakoo kuli mahotela ambiri osanjikizana ndi otsika mtengo, ndipo eni ake adazolowera alendo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Congo, moti ena amakusungirani katundu amene mwaoda. Mukatsika masitepe muli kale pamsika. Komabe derali limadzuka kusanache ndi phokoso la malole ndi ngolo zamanja, misewu yake imadzaza moti simungayende osagundana ndi munthu, opisa m'matumba ndi ambiri, ndipo masitolo akatsekedwa madzulo tinjira tina timada moopsa. Nyumba yaikulu ya msikawo, yomangidwa m'zaka za m'ma 1970, idapsa ndi moto mu Julayi 2021, koma malonda enieni a Kariakoo akhala ali m'misewu yozungulira, monga Congo, Msimbazi ndi Uhuru. Ngati mwapita kukaoda, gonani kumeneko. Ngati mwapita kukaona mzinda, Kariakoo mupatseni theka la tsiku, foni ili m'thumba lamkati.

Dera limene ndimaliona kuti ndi loyenera mlendo woyamba ndi la Kisutu ndi Posta, pakati penipeni pa mzinda wakale. Kuchokera pamenepa msika wa nsomba, nyumba yosungiramo zinthu zakale, matchalitchi awiri akuluakulu ndi pokwerera sitima ya pamadzi ya ku Zanzibar zonse n'zofikika pansi, ndipo Kariakoo ali tsidya la Mnazi Mmoja basi. Zimenezi zikutanthauza kuti simukwera galimoto pa nthawi imene aliyense akulimbirana kulowa kapena kutuluka mumzinda, komanso dzuwa likafika paliwombo mutha kubwerera kuchipinda kukasamba ndi kupumula mpaka litapepuka. Misewu ya India, Mosque, Jamhuri ndi Libya ili ndi nyumba zamakhonde zam'mwamba zimene amalonda ochokera ku Gujarat adamanga, zina zolembedwa chaka ndi dzina la banja pamwamba pa khomo. Mumsewu wa Kisutu muli akachisi a Ahindu ondandana, ndipo chapafupi pali mizikiti ya Asuni, Ashia ndi Aismaili. Dzuwa likalowa eni malo odyera amatulutsa mbaula ndi matebulo apulasitiki m'mbali mwa msewu, utsi wa nkhuku yowotcha yothira tsabola ndi wa mishkaki, yomwe ndi nyama yotungidwa pa kamtengo, umadzaza mumsewu, ndipo mabanja a mitundu yonse amadya pamodzi mpaka usiku. Zoipa zake ziliponso: mahotela otsika mtengo a kumeneku ndi akale, ena alibe mawindo abwino, kuitanira mapemphero a m'bandakucha kumadzutsa osazolowera, ndipo Lamulungu masitolo ambiri amatseka.

Chigawo cha Msasani, chimene chili ndi Oyster Bay ndi Masaki, ndi kumene kuli nyumba za akazembe, mahotela apamwamba ndi malo odyera a zakudya za maiko akunja. Kumawomba mphepo ya kunyanja, n'kwabata, ndipo mlatho wa Tanzanite umene udatsegulidwa mu 2022 udachepetsa vuto lakale lodutsa pa mlatho wa Selander. Banja lokhala ndi ana aang'ono kapena munthu wachikulire adzapeza mtendere kumeneko ngati thumba likulola. Koma chilichonse ndi chokwera mtengo, kulikonse kumafuna galimoto, ndipo munthu atha kutha sabata kumeneko osamva Chiswahili kupatula cha mlonda wa pageti. Madera a Sinza, Kinondoni ndi Mwenge ndi osiyana ndi zimenezi: kuli maloji ambiri a mtengo wapakati, mabala, nyama yowotcha ndi magulu oimba usiku, ndipo kumeneko n'kumene anthu wamba a mumzindawu amasangalalira. Mtengo wake weniweni mumaulipira m'mawa, pamene ulendo wa makilomita 10 opita pakati pa mzinda utha kupitirira ola lathunthu. Kigamboni, tsidya la kumwera kwa doko, ndi wa amene akufuna gombe la mchenga woyera. Kumafikika pa pantoni, chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto chimene chimadutsa pakamwa pa doko m'mphindi zochepa, kapena pa mlatho wolipiritsa wa Nyerere wa mu 2016. N'kwabwino kumalizirako ulendo usiku umodzi kapena uwiri, osati kukhala maziko oonera mzinda.

Kulikonse kumene mungasankhe, m'miyezi yotentha lipirani chipinda chokhala ndi makina oziziritsa mpweya, chifukwa fani imangozunguza mpweya wotentha womwewo. Onetsetsaninso kuti muli neti, pakuti malungo aliko chaka chonse.

Kuyenda mumzinda

Basi za mwendokasi, zimene zidayamba mu 2016, zili ndi njira yakeyake pakati pa msewu wa Morogoro kuchokera ku Kimara mpaka ku Kivukoni, ndi nthambi zopita ku Gerezani ku Kariakoo ndi kudera lotchedwa Morocco. Mumalipira pasiteshoni musanakwere, ndipo basi imadutsa magalimoto ena ataima pamzere. Pakati pa tsiku palibe njira ina yoiposa pa liwiro ndi pa mtengo. M'mamawa ndi madzulo anthu amachuluka kuposa basi, amakankhana pakhomo, ndipo mlendo wonyamula chikwama chachikulu asayese n'komwe. Ma daladala, omwe ndi maminibasi akuluakulu, amafika kulikonse ndipo poyambira ndi pothera pake pamalembedwa kutsogolo, koma amaima pasiteji iliyonse ndipo amatsekeredwa mumzere monga galimoto ina iliyonse. Bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu yokhala ndi denga, ndi yabwino pa maulendo aafupi m'madera monga Msasani ndi Sinza, bola mugwirizane mtengo musanakwere. Kabaza wa njinga yamoto, amene kumeneko amati bodaboda, amalowa pena paliponse ndipo amakufikitsani msanga, koma ngozi zake ndi zambiri ndipo kuvulala kudziko la eni n'kowawa kawiri. Ine sindimulimbikitsa pa misewu ikuluikulu.

Usiku, kapena pochoka kubwalo la ndege la Julius Nyerere, itanani galimoto pa foni kudzera pa Bolt, kapena mupemphe hotela kuti ikuitanireni dalaivala amene imamudziwa. Zimenezi zimafuna kuti mugule simu ya komweko, imene amalembetsa ndi pasipoti, ndipo simu yomweyo imakutsegulirani M-Pesa kapena Airtel Money. Chimene muyenera kukana kwamtuwagalu ndi galimoto ya munthu wokoma pakamwa amene mwangokumana naye pa depoti kapena pamsewu n'kukuuzani kuti mnzake ali ndi takisi. Alendo ena adatengedwa motero n'kuzunguliridwa nawo m'makina a mabanki mpaka ndalama zawo zitatha. Poyenda pansi, chikwama chikhale kumbali yotalikirana ndi msewu, chifukwa olanda amabwera pa njinga yamoto kapena pagalimoto.

Chiswahili sichivuta kwa wolankhula Chichewa, ndipo anthu a kumeneko amalemekeza moni kwambiri. Wamkulu mumpatse "shikamoo", ndipo musanafunse njira kapena mtengo yambani mwalonjera. Chingerezi chokha sichikufikitsani patali pamsika kapena mu daladala.

Zoyenera kuona pakati pa mzinda

Yambani ku msika wa nsomba wa Kivukoni cha m'ma 6:30 m'mawa, mabwato atangokocheza. Nsomba zimakhuthulidwa pa matebulo asimenti, wogulitsa amaima pamwamba akufuula mitengo, amayi okhala ndi ndowa zapulasitiki amaponya ndalama zopindapinda patsogolo pake, ndipo mulu ukagulidwa wina umatsanulidwa nthawi yomweyo. Mudzaona nsomba zazitali ngati munthu, nkhanu, tinsomba ta dagaa, ndi pweza wa miyendo isanu ndi itatu amene anyamata amamumenyetsa pansi kuti afewe. Pansi pamakhala poterera ndi madzi ndi mamba, choncho musavale nsapato zimene mumazikonda. Chapafupi pali mbali yokazingira, kumene mungagule nsomba yotentha n'kudya ndi chinangwa chokazinga ndi tsabola. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, ndipo mukatuluka musalozetse kamera kumpanda woyera umene uli pafupi, chifukwa ndi wa Ikulu, nyumba ya pulezidenti.

Kuchoka pamenepo tsatirani gombe kulowera kumadzulo. Mudzadutsa nyumba za boma za nthawi ya Ajeremani, tchalitchi cha Lutheran cha Azania Front cha denga la matailosi ofiira, tchalitchi cha Katolika cha St Joseph, zonse ziwiri zoyambidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndi Old Boma, imodzi mwa nyumba zakale kwambiri mumzindawu, yomangidwa ndi miyala ya m'nyanja m'masiku a Sultan Majid. Mukakhotera mumsewu wa Samora mupeza chipilala cha Askari cha mu 1927, msilikali wamkuwa woloza mfuti kudoko, chokumbutsa asilikali ndi onyamula katundu a mu Africa amene adamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chipilalachi si cha Atanzania okha. Pakati pa anthu amenewo panali asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ndi amtengatenga ambirimbiri amene adatengedwa m'midzi yathu, ochuluka osabwerera, ndipo Kariakoo yemwe uja adatenga dzina lake ku gulu la onyamula katundulo, Carrier Corps. Ulendo wonsewu muumalize isanakwane 11 koloko, dzuwa lisanalimbe.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale zilipo ziwiri, ndipo wokhala ndi nthawi yochepa ayenera kusankha. National Museum, imene ili mumsewu wa Shaaban Robert, imasunga chigaza chakale kwambiri cha cholengedwa chofanana ndi munthu chimene Mary Leakey adafukula ku Olduvai mu 1959, zinthu za malonda akale a ku Kilwa, mbiri ya ukapolo ndi ya nkhondo ya Maji Maji yolimbana ndi Ajeremani, komanso magalimoto amene Julius Nyerere ankayendera. Village Museum, ku Makumbusho pa msewu wopita ku Bagamoyo, ndi bwalo la nyumba zomangidwa motsatira mitundu yosiyanasiyana, monga za denga lathyathyathya za Agogo ndi zaudzu mpaka pansi za Ahaya, ndipo kumavinidwa magule. Alendo a ku Ulaya amakonda yachiwiriyi, koma munthu wokulira kumudzi kwathu sadzadabwa kwambiri ndi nkhokwe ndi mtondo. Kwa ife yoyamba ija ndi imene ili ndi zatsopano, komanso imafikika pansi. Pa zogula zokumbukira, ku Mwenge kuli msika wa ziboliboli za phingo zosemedwa mwa luso la Amakonde, pamene ku Oyster Bay kuli gulu la ojambula zithunzi zowala za mtundu umene Edward Saidi Tingatinga adayambitsa mu 1968. Chithunzi cha pansalu chimapindika n'kulowa m'chikwama, pamene chiboliboli chachikulu chidzakuvutitsani pa basi.

Masiku otsala: zilumba, Bagamoyo kapena Zanzibar

Amene akungofuna kusambira asankhe chilumba cha Bongoyo, chofikika pa boti kuchokera pa Slipway ku Msasani, kapena cha Mbudya, chofikika kuchokera kumbali ya Kunduchi. Zonse ndi malo otetezedwa olipiritsa polowa, madzi ake ndi oyera kuposa a pa gombe la mumzinda la Coco Beach, ndipo asodzi amawotcha nsomba pomwepo. Wozolowera nyanja ya Malawi akumbukire kuti nyanja yamchere imaphwa ndi kudzala kawiri pa tsiku, ili ndi mafunde okoka, ndipo m'miyala mumabisala tizilombo taminga tobaya mapazi.

Bagamoyo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto, ndipo munthu atha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ndi tauni yaing'ono, yabata, imene nyumba zake zakale zambiri zikugumuka, koma kumeneko n'kumene kunkathera maulendo a minyanga ndi akapolo ochokera ku nyanja ya Tanganyika, ndipo kunali likulu la Ajeremani asanasamukire ku Dar es Salaam. Pa mishoni ya Katolika imene idakhazikitsidwa mu 1868 pali nsanja ya tchalitchi mmene mtembo wa David Livingstone udagonekedwa mu Febuluwale 1874, utanyamulidwa kwa miyezi isanu ndi inayi kuchokera kwa Chitambo ku Zambia. Mmodzi wa atsogoleri a onyamulawo, James Chuma, anali Myao amene adaomboledwa kwa ogula akapolo ali mnyamata mu 1861 m'mapiri a kumwera kwa Malawi. Pafupi ndi tauniyi pali mabwinja a Kaole, okhala ndi mzikiti ndi manda a m'zaka za m'ma 1200. Pa ndalama zochepa ndi tsiku limodzi, Bagamoyo amapereka zambiri kuposa zilumba zija.

Zanzibar amaposa zonsezi, koma amafuna ndalama ndi nthawi. Sitima zothamanga za Azam Marine zimanyamukira moyang'anizana ndi tchalitchi cha St Joseph ndipo zimatenga maola pafupifupi awiri. Mlendo wakunja amalipira tikiti yokwera kuposa nzika, amaonetsa pasipoti pofika ngakhale dziko ndi lomwelo, ndipo kuyambira Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafuna kuti alendo agule inshuwalansi yake, imene idayamba pa madola 44. Tikiti mugule pa ofesi yeniyeni kapena pa intaneti, osati kwa anyamata amene amakutchingirani panjira. Ambiri amayesa kupita m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kutaya ndalama, chifukwa amafika dzuwa litakula n'kuchoka mzinda wa Stone Town usanayambe kukoma. Gonaniko masiku awiri, kuti musochere mosathamanga m'tinjira topapatiza ta zitseko zosemedwa, mudye msuzi wa urojo ndi nsomba pa bwalo la m'mbali mwa nyanja la Forodhani madzulo, ndipo mulowe m'tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene chidamangidwa pamalo a msika wa akapolo utatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu amene adagulitsidwa pamenepo adawolotsedwa nyanja kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe, kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa, n'kukwezedwa m'zombo kupita kuchilumbachi. Mishoni ya Anglican ya UMCA imene idamanga tchalitchichi ndi yomweyo idamanga cha St Peter ku Likoma, ndipo mkati mwa Christ Church muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene mtima wa Livingstone udakwiriridwa patsinde pake.

Anthu a ku Zanzibar ambiri ndi Asilamu, choncho amayi avale zophimba mapewa ndi mawondo akakhala m'tauni, abambo asayende chifuwa chili pamtunda, ndipo m'mwezi wa Ramadani musadye kapena kumwa poyera masana. Pobwerera sankhani sitima ya m'mawa, makamaka pakati pa Juni ndi Ogasiti pamene mphepo ya kumwera imavundula nyanja masana, ndipo amene amachita nseru amwe mankhwala asanakwere. Musagule tikiti ya basi ya ku Mbeya kapena ya ku Lilongwe yonyamuka tsiku lomwelo, chifukwa kuchokera pagombe kukafika ku depoti ya Magufuli ndi ulendo wina pawokha.